Ka mashini ka espresso sikadya Ricoffy

Pa Sondo ninapita ku Chawama kuona msuweni wanga. Mudala anagula ka mashini ka espresso ka second hand pa Facebook, ati atope kulipira kofi ya pa Manda Hill pamene afuna kusangalatsa chimbwi chake. Anathira Ricoffy mu ka kapu ka chitsulo kaja, natinika batani. Chinatuluka ni manzi akuda othamanga monga pompi yaphulika. Mudala nkhope gwa, ati anamugulitsa chakufa.

Mashini inalibe mulandu. Ricoffy ni kofi yosakaniza na chicory, yophika kale, isungunuka chabe mu manzi. Espresso ifuna kofi yeniyeni, mbewu zokazinga zogaya bwino, kusalala pafupi na mchere wa pa tebulo. Ndipo sitifunika kuitenga kutali: Munali ilimidwa kufupi na Mazabuka, ina ichokera ku Kasama.

Manje mukati muchitika chani? Kumbuyo kuli ka tanki ka manzi ozizira. Ka pampu, kaja kolira ngati njuchi, kakoka manzi nakuyapititsa mu chitsulo chakupya, afike pa madigiri 90 mpaka 96. Osabila, chifukwa manzi obila apsereza kofi, ibwera yowawa. Ndiye pampu iyakankha na pressure ya ma bar 9. Tayala ya ka Corolla ikhala na ma bar 2 na pang'ono, so ganizani mphamvu iyo ili kulimbana na kofi ya magalamu 7 mpaka 9 yamene mwatsindira. Kutsindira ndiye nkhani yonse. Mukasiya polefuka, manzi apeza njira yachidule, monga ise pa mvula mu Kanyama. Mukagaya kwambiri, mashini ingolira, kutuluka kulibe. Zikayenda bwino, pa masekondi 25 mpaka 30 muli na ka kofi kang'ono kolemera, pamwamba thovu la golide lamene aitana crema. Thovu ilo linayamba kuoneka na mashini za Achille Gaggia ku Milan mu 1948.

Koma musanatulutse ndalama, mverani. Lusaka yakhala pa myala ya laimu, ndiye chifukwa ketulo yanu imera zoyera pansi. Mu ketulo mungakwechese. Mu mashini tumapaipi ni tung'ono maningi, tutsekeka mwakachetechete mpaka tsiku pampu ingolira chabe. Ngati manzi yanu ni ya pa borehole, muzitsuka mukati na citric acid kawirikawiri, kapena muzigula manzi osefa.

Chinanso, yang'anani pansi pa mashini. Zochokera ku America zambiri ni za 110 kapena 120 volts, ife kuno tili pa 230. Mukalumikiza, utsi. Ndipo tumashini utu tudya mawatts opitirira 1,000, so malaiti akapita, ka inverter kanu ka TV na mafoni sikangakwanitse.

Ine nikanakhala msuweni, nikanayamba na moka, ka poto ka Alfonso Bialetti ka 1933. Kulibe pampu, nthunzi ndiye ikankha manzi kukwera mu kofi. Pressure siifika ngakhale 2, so akatswiri azakuuzani kuti si espresso. Ni zoona. Koma kakhala bwino pa mbaula.

Chimbwi cha mudala, by the way, chinapempha tiyi.