Famase yopanda khomo si famase: lekani kugula mankhwala oonda pa foni

Amalonda anzanga ndi inu madalaiva, tiuzane zoona. Tikamagula zitenje ku Kariakoo timatambasula nsalu, tayala la thiraki timaona tsiku lomwe linapangidwa, usipa wa ku Mbamba Bay timayamba tanunkhiza. Nanga bwanji jakisoni wobaya m'thupi mwathu tikumugula kwa munthu amene tangomudziwa pa Instagram, n'kumutumizira ndalama pa M-Pesa kapena Airtel Money osafunsa kanthu? Safunsa anadya phula.

Malonda a mankhwala ochepetsa thupi afika m'magulu athu a WhatsApp: tiyi, khofi, makapisozi ndi jakisoni wa Ozempic. Ogulitsa ake amadzitcha famase ya pa intaneti, koma alibe khomo, alibe laisensi, ndipo safunsa kapepala ka dokotala. Ameneyo ndi venda chabe, ndipo katundu wake angathe kupha.

Mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza za Ozempic wachinyengo yemwe anapezeka ku Brazil, Britain ndi America mu 2023. Chaka chomwecho cha 2023 ku Austria anthu anagonekedwa m'chipatala shuga wawo atatsika kwambiri, chifukwa majakisoni omwe anagula anali ndi insulin m'malo mwa semaglutide. Ngati akuba anapusitsa mayiko amenewo, ku Lituhi alephera bwanji? Dalaiva, taganizani shuga akutsikireni mukutsetsereka mapiri a Mbinga kulowera kunyanja, ngolo itadzaza. Mayamba kunjenjemera, thukuta, maso achita mdima. Simufa nokha.

Ngakhale atakhala weniweni, Ozempic wosatsegula amasungidwa mufiriji pa madigiri 2 mpaka 8. Paselo yomwe yayenda m'buti ya basi kuchokera ku Dar es Salaam, kudutsa Songea, n'kudzagona padzuwa la kunyanja kuno, yasungidwa ndi ndani? Komanso mankhwalawa, omwe amapangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk, ndi a matenda a shuga, ndipo amaperekedwa dokotala atakuyezani.

Ena akuti, "Ine ndimangomwa tiyi wazitsamba, ndipo mnzanga anaonda naye." Kuondako si umboni. M'tiyi ndi khofi wambiri wotere mabungwe oyeza mankhwala akhala akupezamo sibutramine wobisika. Ameneyu amaondetsadi, koma anachotsedwa pamsika ku Europe ndi America mu 2010 chifukwa amawonjezera ngozi ya sitiroko ndi matenda a mtima. Ife okhala pa chiwongolero tsiku lonse, ambiri BP ndi yokwera kale. Mukufuna muonde mpaka kulowa m'bokosi?

Musanatumize ndalama, chitani izi. Funsani dzina la famaseyo, tauni yomwe ili, ndi nambala ya chiphaso chake. Ku Tanzania mafamase amalembetsedwa ndi Baraza la Famasi, pomwe mankhwalawo amavomerezedwa ndi TMDA, yomwe ili ndi mndandanda wake pa intaneti. Ku Malawi ndi PMRA, ku Joni ndi SAHPRA pa mankhwala. Dzina la mankhwala likasowa pa mndandanda, asiyeni. Tumani mnzanu wa mu gulu lino yemwe ali ku Dar kapena Mbeya akaone ngati khomolo lilipodi, ndipo alankhule ndi wafamase mwini wake. Akakuuzani kuti kapepala ka dokotala n'kosafunika, kuti mulipire ku nambala ya munthu, kuti mtengo watsika lero lokha, dulani foni. Bokosi likabwera lopanda nambala ya batch ndi tsiku lotha ntchito, kapena zilembo zake zili zolakwika, musabaye.

Kuno ku Ruvuma ndi komwe ndondomeko ya Duka la Dawa Muhimu inayambira mu 2003, n'cholinga choti anthu akumudzi azigula mankhwala kwa munthu wophunzitsidwa, pamalo odziwika. N'zochititsa manyazi kuti lero tikubwerera kogula m'chikwama cha munthu wosadziwika, kungoti chikwamacho chili pa foni.

Mawu omaliza apite kwa inu onyamula mapaselo. "Ndangotumidwa" sikupulumutsani pa boda ya Kasumulu kapena padoko la Nkhata Bay. Kulowetsa mankhwala ogulitsa m'dziko kumafuna chilolezo, ndipo wogwidwa ndi amene wanyamula, osati mwini tsamba la Instagram uja. Tsegulani katoni mwini wake akuona. Akakana, musanyamule. Ndalama ya mafuta singalipire galimoto yolandidwa, singadzutsenso mayi yemwe wabaya zomwe inu mwamubweretsera.

Ngati thupi likukulemerani, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi BP kaye. Ma admin, aliyense wotsatsa mankhwala muno popanda chiphaso mumuchotse. Wakutsina khutu ndi mnansi.