Malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma: amalonda a ku Phalula apindula bwanji?

Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la mu 2003 loyendetsera kagulidwe ka katundu wa boma, ndipo bungwe la PPDA linalowa m'malo mwa ofesi ya ODPP. Koma kusintha komwe kukukhudza kwambiri anthu a ku Phalula kunadza mu 2020, pamene boma linalamula maunduna ndi makhonsolo kuti matenda ena aziwasungira mabizinesi ang'onoang'ono, kuphatikizapo a amayi, achinyamata ndi anthu aulumali.

Komatu kukhala ndi katundu pakokha sikukwanira. Khonsolo ya Balaka singapereke tenda ya chimanga kapena nandolo kwa wamalonda wa m'mbali mwa msewu wa M1, mtengo wake utsike chotani, ngati alibe chiphaso cha bizinesi, nambala ya msonkho ya ku MRA ndi chiphaso cha PPDA. Ambiri amagwera pomwepa, phindu n'kupita kwa amalonda a m'tauni amene amagula mbewu kwa alimi omwewo.

Kwa mlimi mmodzi, kulembetsa n'kolemetsa ndithu. Alimi akapanga kopaletivi amalembetsa pamodzi, amagawana ndalama zolipira, ndiponso amatha kukwanitsa matumba onse amene tenda ikufuna.