Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo

Akuluakulu ankanena mwambiwu pofuna kuletsa mwana kunyoza amene amamusunga. Ine ndimauona ukukwanira bwino pa mitengo ya mangrove, yomera m'matope a m'mbali mwa nyanja zamchere, mizu yake yowonda itatulukira pamtunda. Palibe amaitama kukongola. Pomwe yamera pamanunkha, pali udzudzu, ndipo wofuna kumanga amangoona thengo loyenera kulambula.

Koma taonani dziko la Kiribati, m'nyanja ya Pacific. Ku South Tarawa, komwe kumakhala anthu oposa theka la dziko lonselo, malo ambiri sapitirira mamita 3 kuchokera pamadzi, ndipo mtunda ndi wopyapyala kwabasi. Kumeneko nthaka ikakokoloka, munthu alibe phiri lothawirako.

Mtengo wa mangrove, umene anthu a kumeneko amautcha te tongo, umagwira ntchito motere. Funde likalowa m'mizu yolukanalukana ija limasweka n'kutha mphamvu. Madzi akadekha, mchenga ndi matope zomwe ananyamula zimakhazikika pansi, mizu n'kuzimanga. Masamba ogwa amawolera pomwepo, ndipo chaka ndi chaka nthaka imakwera pang'onopang'ono. Tiana ta nsomba timabisalanso momwemo mpaka titakula. Khoma la simenti kapena la matumba a mchenga silichita zimenezi. Limabweza funde, funde limakumba kunsi kwake, kenako limakagumula kwa mnansi amene alibe ndalama yomangira lake.

Anthu a ku Tarawa akudziwa kuopsa kosokoneza kayendedwe ka mchenga. Msewu wodutsa panyanja wolumikiza tizilumba ta Betio ndi Bairiki utatha mu 1987, kachilumba ka Bikeman kanayamba kudyeka mpaka kumira.

Mu 2011 Ban Ki-moon, yemwe anali mlembi wamkulu wa United Nations, anakabzala nawo mbande za mangrove kumeneko pamodzi ndi Anote Tong, Pulezidenti wa Kiribati panthawiyo. Zinali bwino, koma kubzala n'kophweka. Mbande yobzalidwa pomwe mafunde amaomba mwamphamvu imakokoloka isanagwire, n'chifukwa chake mitengoyi imachita bwino kumbali yodekha ya chilumba. Ndimadandaula kuti chidwi chimathera pa tsiku lobzala, pamene mitengo yakale, yomwe yagwira kale nthaka, ikudulidwa, mchenga wa pagombe n'kumatapidwa kukamangira nyumba. Ndalama zoyamba zizipita kwa anthu a m'midzi osamala mitengo imene ilipo, ndi kupezera omanga mchenga kwina.

Ndivomere kuti mangrove ali ndi polekezera. Nyanja ikamakwera mofulumira kuposa mmene matope akuunjikira, mitengoyo imamira nayo, ndipo mlandu umenewo ndi wa mayiko otulutsa utsi wambiri. Boma la Tong linkadziwa zimenezi pamene mu 2014 linagula malo pachilumba cha Vanua Levu ku Fiji.