Therere la chidulo pa malire

Sabata yatha ndinaperekeza msuweni wanga ku Mchinji, ali pa ulendo wa ku Chipata. Tinafika pa boma dzuwa lili paliwombo, njala itatikwapula. Iye, monga tonse a m'tauni, anayamba kusaka tchipisi ndi nkhuku yokazinga. Ine ndinamukokera ku kalesitilanti kena kuseri kwa msika, komwe kunkafuka utsi wa nkhuni.

Malowo ndi a banja limodzi. Bambo amalandira ndalama, mwana wawo wamkazi amapereka madzi osamba m'manja, ndipo kukhitchini ndi kwa mayi. Mayiwo kwawo ndi ku Chipata, kuno anabwera ndi ukwati.

"Mudya chiyani, ana anga?" anafunsa. "Nsima ya mgaiwa ilipo, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera, therere la chidulo, komanso chikanda."

Msuweni wanga anakwinya nkhope. Koma atalawa chikanda anangoti zii, dzanja lili pa mbale basi.

Kwa amene simuchidziwa, chikanda amapanga ndi timizu ta maluwa a kutchire otchedwa ma orchid. Amatisinja, n'kusakaniza ndi nsinjiro, mchere, tsabola ndi soda, kenako n'kuphika mpaka chilimbe ngati poloni. Kuno ena amati chinaka. Pa tebulo limodzi panali Malawi ndi Zambia, ndipo palibe amene anafunsa pasipoti.

Sizodabwitsa. Mchinji kale inkatchedwa Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson, koma mzere wa atsamunda sunadule chibale. Achewa a mbali zonse amakumana ku Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti, Angoni a Mpezeni ku Ncwala mu Febuluwale. Akazi okwatiwa kutsidya amapita ndi maphikidwe a kwawo.

Zinandikumbutsa anthu otchedwa Peranakan a ku Melaka, Penang ndi Singapore. Makolo awo anali amalonda a ku China amene anakwatira akazi a komweko, ndipo chakudya chawo ndi chosakaniza mbali ziwirizo. Chinali chakudya cha pakhomo, chophunzitsidwa ndi agogo. Mu 2016 lesitilanti ya Candlenut ku Singapore, ya Malcolm Lee, inalandira nyenyezi ya Michelin pophika zomwezo. Nanga ife bwanji timachita manyazi kuitanitsa nkhwani pamaso pa chibwenzi?

Ndinafunsa mtsikana uja ngati amatha kupanga chidulo. Anaseka. "Aaa achimwene, zimenezo ndi za amayi. Ine ndikufuna ntchito ku Lilongwe."

Sindinamudzudzule, chifukwa nanenso ndine yemweyo. Agogo anga ankawotcha zitsononkho, n'kuika phulusa m'chitini chobowola, kuthira madzi kuti adonthe pang'onopang'ono. Madzi amenewo ndiye chidulo, chofewetsera therere. Ndinkaona ndi maso, koma sindinafunsepo kuti phulusa lichuluke bwanji, kapena amadziwa bwanji kuti lakwana. Anamwalira ndisanafunse. Lero therere langa limatuluka lowawa, mwina lamadzi okhaokha.

Maphikidwe amenewa sali m'buku. Ali m'manja mwa amayi, azakhali ndi agogo athu, ndipo miyeso yake ndi "pang'ono chabe" kapena "mpaka uone". Ife tili ndi mafoni a kamera, timajambula baga tisanadye. Tchuthi chikubwerachi, mukapita kumudzi, khalani pambali pa mafuwa. Funsani, jambulani, kenako phikani nokha iwo akuona kuti akukonzeni pomwe mwalakwitsa. Ndipo mukamadya kunja, mwa apo ndi apo ndalama yanu ipite kwa mayi wophika zotendera, apo ayi mawa nayenso ayamba kukazinga tchipisi.

Ponyamuka ndinapempha mayi aja kuti ndidzabwerenso Loweruka kudzaphunzira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Ubwere m'mawa, mwana wanga, ndipo usavale zoyera."

Msuweni wanga uja anagula chikanda china n'kukulunga m'pepala, kupita nacho ku Chipata komwe chimagulitsidwa m'misika. Ndinamuuza, koma sanamve.