Mankhwala a nkhawa tisamagawane ngati mchere

Abale anga a kumudzi kuno, ndi inu amene muli ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni, lero za mtengo wa nandolo ndaziika kaye pambali. Pali nkhani imene ikundivuta, ndipo tikapanda kuikamba poyera tidzaika maliro osayenera. Ndi yaitali, koma pirirani muwerenge mpaka kumapeto.

Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, anthu ambiri kuno kummwera mtima sunakhalenso m'malo. Mvula ikangoyamba kugunda pamalata usiku, ena tulo tonse balala. Pamwamba pake kwacha inagwa mu Novembala chaka chomwecho, feteleza n'kukwera, kenako ng'amba ya 2024, ngongole ya banki m'khonde nayo ili pakhomo. Wosaganiza nde ndani? Nkhawa yotereyi ndi ya tonse, ndipo siifuna mapiritsi.

Koma pali ina yopyola muyezo. Munthu akupalira bwinobwino, mwadzidzidzi mtima wayamba kugunda ngati ng'oma, thukuta kamukamu, mpweya ukubanika, m'manja dzanzi, chizungulire, ndipo iye akuona kuti basi akufa pompo. Zimafika pachimake mkati mwa mphindi 10, ndipo kawirikawiri pakamatha theka la ola zimakhala zazizira. Zikamabwerezabwereza, munthu amayamba kuopa kumsika, kuopa minibasi, kuopa kutsala yekha pakhomo. Achipatala amati panic disorder. Ife timati amulodza, kapena ali ndi mizimu, kapena timangoti ndi BP basi. Wina sagwa choncho, koma miyezi ndi miyezi mutu uli pa zoopsa zokhazokha, sagona, khosi ndi mapewa zili gwa, khasu lamukanika.

Maganizo anga ndi awa: amenewa ndi matenda enieni, mankhwala ake alipo, ndipo kumwa si manyazi. Koma mapiritsi ake si amodzi, ndipo amene tikuthamangira ife ndi oopsawo.

Ndiyambe ndi diazepam, amene ena amawadziwa kuti valium. Awa ndi katapila. Ukamwa, ola lisanathe mtima uli zii, tulo tabwera, n'kumati ndachira. Koma thupi limawazolowera msanga. Piritsi limodzi limasiya kugwira, umafuna awiri, ndipo tsiku limene wawasowa nkhawa imabwera yoposa ija unayamba nayo, pamodzi ndi kunjenjemera ndi kusowa tulo. Munthu amene wamwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi akhoza kugwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. N'chifukwa chake madokotala amapereka a masiku ochepa, osapyola masabata 2 mpaka 4, ndipo wozolowera amamuchepetsera pang'onopang'ono. Choopsa kwambiri n'chakuti diazepam ndi mowa zonse zimafooketsa kapumidwe. Womwa piritsi n'kutsira kachasu pamwamba akhoza kugona osadzukanso. Anyamata a kabaza nanunso mumve: amawodzeretsa, ndiye osanyamula munthu utamwa. Agogo athu amagwa nawo n'kuthyoka. Sikuti ndi mankhwala oipa ayi, kuchipatala amapulumutsa nawo ana amene akukomoka. Koma nkhwangwa yabwino siipatsidwa kwa aliyense.

Ndiye pali ena monga fluoxetine. Awa ndi manyowa. Sungathire manyowa lero n'kumayembekeza chimanga kubiriwira mawa. Amamwa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri m'mawa, kaya lero wadzuka bwino kaya ayi, ndipo phindu lake limaoneka pakatha masabata 4 kapena 6. Masiku oyamba ena amamva nseru, mutu, tulo tovuta, olo nkhawa imene kukwera pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amataya botolo n'kumati mankhwala a boma ngabodza. Eti mmera ungotuluka iwe n'kuuzula? Zimenezi nthawi zambiri zimatha zokha. Zikakula, bwererani kwa amene anakulemberani, iwo adziwa pochepetsa kapena posintha. Ndipo mukapeza bwino si nthawi yosiya: amapitiriza miyezi ina yosachepera 6, posiya n'kumatsika pang'onopang'ono mouzidwa ndi dokotala. Chimodzi choti tonse tichigwire: wachinyamata akayamba mankhwala amenewa tizimuyang'anitsitsa masabata oyamba. Akayamba kulankhula zotopa ndi moyo, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anamulembera m'kabuku.

Pali amitriptyline, amene ambiri mumawadziwa chifukwa amaperekanso kwa anthu otentha mapazi. Amawodzeretsa, nde amamwa usiku, ndipo amaumitsa kukamwa ndi kudzimbidwitsa. Amathandiza ndithu, koma akachuluka m'thupi amasokoneza mtima. Asamakhale pawindo pamene mwana afikira. Ndipo pakhomo pamene pali munthu wosweka mtima, mapiritsi asunge wina wamkulu, mankhwala a mbozi ndi a nankafumbwe nawo atsekeredwe. Palinso propranolol, amene amachepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, koma mantha enieniwo sachotsa, ndipo kwa munthu wa mphumu ndi ngozi.

Mwaona kuchuluka kwake? Ndiye ndikamva kuti wina wagula mapiritsi osalemba dzina, omangidwa m'kapepala, kwa mavenda a tsiku la msika, kapena wapatsidwa ndi mlamu wake poti "ine anandithandiza", mtima umandiwawa. Safunsa anadya phula. Kugunda kwa mtima si nkhawa nthawi zonse. Kuchepa kwa magazi kumachita zomwezo, malungo, shuga akatsika, chithokomiro, matenda a mtima enieni. Mayi amene magazi amuchepera mukamupatsa diazepam, mwangomugoneka, matenda ali pomwepo. Wamkulu amene chifuwa chamugwira koyamba, ululu n'kumatsikira kumkono, ameneyo n'ngothamanga naye, osati kumufunira piritsi la tulo. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, komanso amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, nenani kwa dokotala zonse zimene mukumwa, chifukwa mankhwala ena sagwirizana.

Inu abale a m'tauni ndi a ku Joni, ndikudziwa mumatikonda. Koma mukamatumiza katundu pabasi, musamaikemo mapiritsi otsala a inu kapena a abwana anu. Amayi akakuimbirani kuti mtima ukundithamanga, tumizani ya thiransipoti pafoni apite akayezedwe. Ikatsala, iwathandize kubwererako mwezi wamawa, poti matenda awa si a ulendo umodzi.

Wina anena kuti, "Kuchipatala ukanena za maganizo akutumiza ku Zomba." Zoona, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo chili ku Zomba, koma kumeneko kumapita odwalika kwambiri. Wa nkhawa amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Yambirani pachipatala chaching'ono, akakutumizani ku chipatala chachikulu cha boma lanu pitani mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. A ku Blantyre muli ndi Queen Elizabeth, a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso St John of God. Vuto limene sindingalibise ndi loti mankhwala amatha m'zipatala. Munthu wayenda mtunda, wamwa mwezi umodzi, wachiwiri akumuuza kuti kagule. Pamenepa ndi pamene mavenda amapezera malonda. Amene tinawasankha m'makomiti a zaumoyo, ndi mafumu athu, mukamadandaula za LA ndi panado muzitchulanso awa.

Ena ati, "Ingopempherani." Ine pemphero sindilitsutsa. Koma palibe amene amauza wa shuga kuti ataye mankhwala poti wapemphereredwa. Kuuza wodwala kuti kumwa mapiritsi ndi kuchepa chikhulupiriro, n'kumusiyitsa mwadzidzidzi, ndi kumuika pangozi. Pempherani naye, kenako mumukumbutse nthawi yakumwa.

Komanso tisanamizane kuti piritsi lithetsa zonse. Silibweza ngongole, silimanga nyumba imene madzi anakokolola. Achipatala omwe amanena kuti uphungu, kuphunzira kuwadziwa mantha ako ndi kuyang'anizana nawo, umathandiza ngati mankhwala, ndipo ena amachira ndi uphungu wokha. Ku Zimbabwe dokotala wina, Dixon Chibanda, anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri. Amaitcha Friendship Bench, ndipo yathandiza anthu ambiri. Agogo tili nawo, khonde tili nalo. Chimene chatisowa ndi kumvetsera osakafalitsa pachitsime.

Mnzanu amene matenda ake anadziwika kale zikamugwira, musamuunjirire, musalire maliro. Mmodzi akhale naye pamthunzi, amuuze kuti zidutsa, azipuma naye pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya motalikirapo kuposa pokoka. Wodwalayo achepetse khofi ndi zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu zija, chamba ndi mowa asiye, chifukwa zimakoleza moto womwewo.

Mutu umodzi susenza denga. Amene muli ndi wachibale wotere pakhomo, sabata ino tengani kabuku kake ka kuchipatala, mutengenso mapiritsi onse amene wakhala akumwa, olo aja a pamsika, mupite naye mukawaonetse adokotala. Musamusiyitse nokha. Amene simutha kuwerenga pafoni, ana akuwerengereni madzulo ano.

Ine wanu wa kumunda.