Mkulu wa akazitape ndi mtengo wa buledi

Madzulo a pa 11 February 2011, bambo wina wa nkhope yosasekerera anaonekera pa wailesi yakanema ya dziko la Egypt. M'mawu osakwana mphindi imodzi, analengeza kuti Pulezidenti Hosni Mubarak watula pansi udindo ndipo wasiya dziko m'manja mwa asilikali. Bamboyo anali a Omar Suleiman, mkulu wa asilikali yemwe kwa zaka 18 anali diso ndi khutu la boma lomwelo.

A Suleiman anabadwa mu 1936 ku Qena, chigawo cha alimi m'mphepete mwa mtsinje wa Nile, kummwera kwa dzikolo. Analowa sukulu ya usilikali ku Cairo mu 1954, nakaphunziranso ku Moscow. Anamenya nawo nkhondo ziwiri zolimbana ndi Israel, ya mu 1967 ndi ya mu 1973. Mu 1991 anakhala mkulu wa akazitape a asilikali, ndipo mu 1993 anapatsidwa nthambi yaikulu ya ukazitape ya dziko lonse.

Dzina lawo linakula mu June 1995. A Mubarak akupita ku msonkhano wa bungwe la OAU ku Addis Ababa, a Suleiman anaumirira kuti galimoto yosalowa zipolopolo itumizidwe kuchokera ku Cairo. Zigawenga zinaombera galimotoyo pamsewu wochokera ku bwalo la ndege, koma pulezidenti anapulumuka. Kuyambira pamenepo anakhala mlangizi wokhulupirika, ndipo ndiwo ankatumidwa kukayanjanitsa Israel ndi anthu a ku Palestine, komanso magulu a Fatah ndi Hamas. Mbiri yawo ilinso ndi mbali yakuda: mabungwe oona za ufulu wa anthu ankadzudzula nthambi yawo kuti inkazunza anthu oganiziridwa uchigawenga, ena mwa iwo obweretsedwa mwachinsinsi ndi akazitape a dziko la America.

Pamene a Suleiman ankatchera khutu ku zigawenga ndi ku maiko akunja, kumidzi kunkachitika zinthu zomwe sizinali zachinsinsi konse. Chiyambire 1952, mlimi wochita lendi munda ankatetezedwa ndi lamulo: mtengo wa lendi unali ndi malire, ndipo ana ake ankapitiriza kulima pomwepo iye akamwalira. Lamulo nambala 96 la mu 1992 linachotsa chitetezo chimenechi. Litayamba kugwira ntchito mokwanira mu October 1997, eni malo anakweza lendi mmene anafunira. Alimi pafupifupi miliyoni imodzi anakhudzidwa, ambiri anachotsedwa m'minda, ndipo ena anafa pa zipolowe.

M'matauni vuto linali buledi. Dziko la Egypt limagula tirigu wambiri kunja, ndipo osauka amadalira buledi wotsika mtengo yemwe boma limathandizapo. Mitengo ya chakudya itakwera pa dziko lonse mu 2008, mizere ya ogula inatalika mpaka anthu ena kufera pomwepo, moti a Mubarak analamula asilikali kuti aziphika buledi. Mu April chaka chomwecho, mzinda wa Mahalla, komwe kuli mafakitale a nsalu, unabuka ndi zionetsero. Mu 2010 dziko la Russia linaletsa kugulitsa tirigu kunja kaamba ka chilala, mitengo n'kukweranso. Anthu atadzaza bwalo la Tahrir mu January 2011, pa zomwe ankafuula panali buledi, ufulu ndi chilungamo.

Nkhani za minda ndi buledi sizinali pansi pa ofesi ya a Suleiman. Komabe iwo anali mzati wa boma lomwe linkaona wodandaula aliyense ngati mdani woyenera kulondalonda. Pa 29 January 2011 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti, mpando womwe unakhala wopanda munthu kwa zaka pafupifupi 30, ndipo anayamba kukambirana ndi otsutsa boma. Madzi anali atafika kale m'khosi. Pasanathe masabata awiri ulamuliro unagwa. Mu April 2012 anafuna kupikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti, koma analetsedwa chifukwa sanakwanitse chiwerengero cha anthu osainira kalata yawo. Anamwalira pa 19 July 2012 m'chipatala ku Cleveland, ku America, ali ndi zaka 76.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Mwambiwu ukukhudzanso mlangizi wa zaulimi, nduna ya mfumu ndi membala wa komiti ya chitukuko, pakuti nawonso ndi makutu a akuluakulu awo. Mlimi akadandaula pa msonkhano kuti mbewu yafika mvula itagwa kale, kapena kuti dimba lake lapatsidwa kwa wina, wolemba lipoti amasankha: kulemba dandaulolo monga lanenedwera, kapena kulemba dzina la wodandaulayo kuti ndi wovuta. Lipoti loyambalo limawawa poliwerenga, koma ndi lokhalo lomwe limafikitsa mbewu pa nthawi yake chaka chamawa.