Tramadol si mankhwala a kutopa



Mowa timaukana, Alhamdulillah. Koma tramadol, amene anyamata ena akumwa asanalowe m'munda wa thonje kapena asanapalase bwato pa Shire, tikungomuyang'ana. Akuti amachotsa kutopa. Sachotsa ayi, amangolitseka pakamwa thupi kuti lisadandaule.

Tramadol ndi codeine ndi a banja limodzi ndi morphine. Adokotala akapereka kwa wovulala kapena wochitidwa opaleshoni, palibe tchimo. Vuto ndi kuzolowera: mbulu umodzi sukwananso, ukasiya ndiye thukuta, kunjenjemera, tulo osabwera. Tramadol wochuluka amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Nanga zikakupeza pakati pa madzi?

Za chiwindi mundimvetse bwino, chifukwa ndicho chimasefa mankhwala onsewa. Mibulu yambiri ya codeine imasakanizidwa ndi paracetamol, yemweyu wa mu Panado. Munthu wamkulu sayenera kupyola magalamu 4 a paracetamol patsiku, kutanthauza mibulu 8 ya 500mg. Tsono wofuna codeine wambiri amamezanso paracetamol wambiri osadziwa. Chiwindi chimawonongeka mwakachetechete. Maso akamachita chikasu, zafika kale patali. Msodzi amene likodzo la m'matumbo linamupweteka kale chiwindi, iyeyo ndiye asayese n'komwe.

Ine ndimati chosokoneza bongo chomwedwa popanda dokotala sichisiyana ndi kachasu, ngakhale chikhale m'kapaketi koyera. Komabe wozolowera kale tisamuthamangitse pamzikiti. Asasiye mwadzidzidzi, timuperekeze kuchipatala cha Utale kapena cha boma ku Balaka akamuchepetsere pang'onopang'ono. Ogulitsa mobisa m'magolosale, mafumu athu, akanenedwe kupolisi kapena ku PMRA.